Ndodo ndi Mpanda: Za Liu Lachingerezi la *Yard* ndi *Yadi* wa M'Chichewa

1. Mau Oyamba

Pali chizolowezi pakati pa ofotokoza mau chakuti akapeza liu limodzi lili ndi matanthauzo angapo, amafulumira kulumikiza matanthauzowo ndi kankhani kokoma, ngati kuti onse anaphuka pa tsinde limodzi. M'pepala lino tifuna kutsutsa chizolowezichi pounika liu lachingerezi la *yard*, limene limatchula muyeso wa utali ndiponso bwalo la panyumba. Munthu angaganize kuti bwalo linatenga dzina ku ndodo imene ankaliyesera. Tionetsa kuti sizili choncho ai. Talisankha liuli chifukwa linalowa kale m'Chichewa, kotero wolemba mtanthauziramau wa chilankhulo chathu sangalilambalale.

2. Ndodo

*Yard* wa muyeso anachokera ku liu la Chingerezi chakale, cholankhulidwa chisanafike chaka cha 1100, lolembedwa *gierd* kapena *gerd*. Tanthauzo lake linali ndodo kapena kamtengo koongoka. Mbale wake m'Chijeremani ndi *Gerte*, amene mpaka lero atanthauza mkwapulo. Tanthauzo la mtengoli silinafe m'Chingerezi: mtanda wopingasa pa mlongoti wa ngalawa, pamene amangirira thanga, umatchedwabe *yard*. Tsono muyeso unatenga dzina ku chida choyesera. Lamulo la ku England lotchedwa *Compositio Ulnarum et Perticarum*, la pakati pa 1266 ndi 1303, linati njere zitatu za barele ndizo inchi imodzi, mainchi 12 ndiwo phazi, ndipo mapazi atatu ndiwo *ulna*, ndiye *yard* ameneyu.

Apa ndi pamene kankhani kamalowerera. William of Malmesbury analemba kuti Mfumu Henry I, amene analamula kuyambira 1100 mpaka 1135, anakhazikitsa muyesowu pa utali wa mkono wake pofuna kuletsa chinyengo cha amalonda. Zakuti anayesa kuchokera pamphuno kufika pachala chachikulu anazionjeza ndi anthu a m'mbuyo muno. Koma ngakhale titavomereza nkhani yonseyo, iyo ikufotokoza za muyeso, osati za liu, pakuti liulo linalipo mfumuyo isanabadwe. Muyeso wokhawo ndiwo wakhala ukukonzedwa: ndodo yachitsulo ya boma inaonongeka pamene Nyumba ya Malamulo ya ku London inapsa mu 1834, ina inavomerezedwa mu 1855, ndipo mu 1959 maiko olankhula Chingerezi anapangana kuti *yard* akhale mita 0.9144.

3. Mpanda

*Yard* wa bwalo ali ndi kholo lina, *geard*, kutanthauza malo otchingidwa ndi mpanda. Banja la liuli ndi lalikulu. M'Chilatini muli *hortus*, munda wa maluwa kapena ndiwo. M'Chijeremani muli *Garten*. Ndipo *garden* ndi mbale wake amene anafika m'Chingerezi atazungulira ku Chifalansa cha ku Normandy. Liuli labisalanso m'mau a *orchard*, munda wa zipatso, ndi *vineyard*, munda wa mpesa. Scotland Yard linali dzina la bwalo la ku London limene khomo lakuseri la likulu la apolisi, okhazikitsidwa mu 1829, linkayang'anako; apolisiwo anasamuka mu 1890 koma dzina anapita nalo. Ku Jamaica *yard* ndi kwao kwa munthu. M'matanthauzo onsewa mulibe ganizo la kuyesa; ganizo lake ndi lotchinga.

4. Mmene Mau Awiriwa Anakumanirana

Nanga mau osiyana makolo anafika bwanji pofanana nkhope? Yankho lili m'kusintha kwa katchulidwe, osati m'tanthauzo. Poyamba, *g* wa Chingerezi chakale akatsogolera *e* kapena *i* ankamveka ngati *y*. Ndi chifukwa chake *gear* anasanduka *year* ndipo *geolu* anasanduka *yellow*. Kachiwiri, cha m'ma 1400 *er* anayamba kumveka *ar* m'mau ambiri: *sterre* anakhala *star*, *derk* anakhala *dark*, ndipo *yerde*, ndodo ija, anakhala *yard*. Pamenepo ndodo ndi mpanda zinavala malaya amodzi. *Oxford English Dictionary* inachita bwino kuwalemba mau awiriwa paderapadera.

Palinso mlendo wachitatu. Osinthanitsa ndalama ku London ndi New York akati *yard* amatanthauza biliyoni imodzi, ndipo uku nkufupikitsa liu lochokera ku Chifalansa la *milliard*. Wofuna kulumikiza matanthauzo onse angavutike kupeza ndodo kapena mpanda m'menemu.

5. Kodi Chiyambi cha Liu Ndicho Woweruza?

Wina angatitsutse kuti wolankhula sadziwa mbiri ya mau, ndipo mtanthauziramau ayenera kutsata maganizo a olankhula a lero. Mfundoyi ili ndi mphamvu. Angerezi ambiri amaona ngati *ear*, khutu, ndi *ear*, ngala ya tirigu, ndi liu limodzi, chonsecho makolo ake ndi awiri. Pamene *flower*, duwa, ndi *flour*, ufa, ali ndi kholo limodzi koma palibe amene amawayesa amodzi lero. Kotero sitikunena kuti mbiri yokha iweruze. Tikunena kuti mboni zikhale zitatu: chiyambi cha liu, maganizo a olankhula, ndi machitidwe a liulo m'chiganizo. Chimene tikukana ndicho kupeka mbiri kuti mlandu uthe msanga.

6. *Yadi* M'Chichewa

Chichewa chinabwereka mau onse awiri. Kusitolo ndi kwa telala tinalandira *yadi* wa nsalu. M'matauni tinalandira *yadi* wa mpanda, amene anabala liu lakuti *kumayadi*, kutanthauza kumene kunkakhala Azungu m'nyumba zokhala ndi mabwalo akuluakulu, ndipo tsopano kumakhala opeza bwino, monga ku Namiwawa mu Blantyre kapena ku Kabulonga mu Lusaka. Chinyanja cha ku Lusaka chimasiyanitsa *kumayadi* ndi *kukomboni*. Tanthauzo limeneli, lokhudza chuma ndi ulemu wa munthu, ndi lathulathu, Mngerezi saliziwa.

Tikaitana mboni zitatu zija, zonse zivomerezana. Makolo ndi awiri. Wonena kuti "mwana wa kumayadi" saganizako za nsalu. Ndipo m'chiganizo, *yadi* wa muyeso amayenda ndi chiwerengero, monga "mayadi awiri a nsalu", pamene wa mpanda amakonda *ku-*, *pa-* ndi *mu-*. Choncho *yadi* ayenera kulembedwa kawiri, monga tichitira ndi *mtengo* wa m'nkhalango ndi *mtengo* wa pamsika, amene kamvekedwe ka mau kamawasiyanitsa ngakhale kalembedwe sikaonetsa.

Zosiyana ndi zimenezi ndi *mkono*. Mkono wa thupi ndi mkono woyesera, umene Buku Lopatulika linagwiritsa ntchito pa chingalawa cha Nowa, ndi liu limodzi, ndipo aliyense aona njira yochokera ku tanthauzo loyamba kufika ku lachiwiri. Malo ake ndi amodzi, matanthauzo awiri. *Mkwamba*, utali wa manja otambasula, ufanana ndi *fathom* wa Chingerezi, amene nayenso anayambira ku manja otambasula asanakhazikike pa mayadi awiri.

7. Mau Omaliza

Nkhaniyi ikhudza okonza za chilankhulo pa zifukwa ziwiri. Mita inatenga malo a yadi m'mabuku a sukulu, motero mwana wa lero amva *kumayadi* kawirikawiri kuposa *yadi* wa nsalu. Mtanthauziramau akaphatikiza awiriwa, mwanayo adzaphunzira mbiri yabodza m'buku limene analikhulupirira. Chachiwiri, miyeso yakale monga yadi, mkono ndi mkwamba ilembedwe pamodzi ndi utali wake m'mamita, kuti wowerenga mabuku a makolo adziwe kukula kwa nsalu imene ikunenedwa. Tipempha olemba kuti pa liu lililonse lobwereka ayambe afunsa ngati labwera lokha kapena labwera ndi mnzake wofanana naye dzina.