Namwali Wokana Amuna: Kuiyesa Nthano Yakale

Mwa nthano zimene ana a sukulu amakonda iripo ija ya namwali wokongola amene anakana anyamata onse a m'mudzi mwao, nakwatiwa ndi mlendo amene anali fisi wosandulika munthu. Alice Werner, amene anakhalako ku Blantyre, anaisimba m'buku lace la 1933 lochedwa Myths and Legends of the Bantu. Popita kwao kwa mwamunayo, kamlongo kace ka namwali, kodwala maso, kanatsata m'mbuyo. Anakagoneka m'khola la nkhuku, ndipo usiku kanamva afisi akupangana zakudya mkwatibwi. Kanamanga cingwe ku cala ca phazi la mlongo wace kuti kamdzutse, ndipo pambuyo pace kanasema nguli yaikuru, kanaimangirira ku dengu, nauluka onse awiri kubwerera kwao.

Luso la nthanoyi ndi lalikuru. Mwamuna wooneka bwino ndiye cirombo, ndipo mwana wa maso odwala, amene mlongo wace ankacita naye manyazi, ndiye amene aona zobisika. Amene anaipeka anafuna kuseka anthu oyesa mnzao ndi nkhope. Koma kasimbidwe kace m'nyumba ndi m'sukulu kamapotoza mutu umenewu. Osimba ambiri amathamangira kunena kuti mtsikana asamanyade, asamasankhe, ngati kuti colakwa cace cinali kukana. Makolo amene anapereka mwana wao kwa munthu wosadziwika kwao safunsidwa mlandu. Namwaliyonso, m'kasimbidwe kofala, alibe dzina, ngakhale nchito ya manja ace siichulidwa; adziwika ndi kukongola ndi kukana basi. Apa ndipo pali cilema ca nthanoyi, pakuti mtsikana womvetsera aphunzira kuti mtengo wace uli pa thupi, ndi kuti liu lace ndilo limaitana tsoka.

Mphunzitsi wocokera ku koleji ya ku Area 25 akakaima pamaso pa ana a ku Area 18, apeza atsikana amene thupi lao likukambidwa ndi anthu ambiri osagwirizana. Kwa agogo, namwali wabwino ndi wonenepa, wa mikanda m'ciuno, pakuti kunenepa kunkasonyeza kuti pakhomo pali cakudya ndi mtendere. Citafika Edzi m'dziko muno, amene anadziwika koyamba mu 1985, kuonda kunasanduka cinthu coopsa. Anthu anaicha nthendayo kaliwondewonde, ndipo mtsikana wocepa thupi ankalozedwa zala ngakhale ali wamoyo bwino. Tsopano lamya ya m'manja imamuonetsa akazi oonda, a khungu loyera, niimuuza kuti ciphadzuwa ndi cimeneci. Mwana wa Standard 7 angathe kumva m'mawa kuti waonda, madzulo kuti wanenepa, pa thupi limodzi lomwelo.

Nkhani ya khungu siya Amalawi okha. Atsikana a Cimwenye, amene ena a iwo anabadwira mu Lilongwe momwemuno, ali ndi goli lofanana. Ku India mafuta ochedwa Fair & Lovely anagulitsidwa kuyambira 1975 ndi lonjezo la kuyeretsa nkhope, ndipo m'manyuzipepala a kumeneko mabanja ofunira mwana wao mkazi akhala akulengeza kuti afuna woyera. Mu 2020, anthu atadandaula, eni ace anasintha dzina kukhala Glow & Lovely. Mafuta ena oyeretsa khungu, ogulitsidwa m'misika ya maiko ambiri a mu Afrika, ali ndi mankhwala onga hydroquinone ndi mercury, ndipo mercury imaononga khungu ndi impso zomwe. Wogulitsa mafutawa acita nchito ya fisi wa m'nthano: afika ndi nkhope yosalala, zace zenizeni zioneka pambuyo.

Za zobvala nazo ziri ndi mbiri yace. Lamulo la 1973 linaletsa akazi kubvala thalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo linacotsedwa mu 1993. Komabe mu January 2012 amuna ena ogulitsa malonda m'miseu ya Lilongwe ndi Blantyre anabvula akazi poyera cifukwa ca zobvala zomwezo, mpaka amai anasonkhana ku Blantyre kudzudzula mcitidwewo, Joyce Banda, waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, ali pakati pao. Obvulawo anati akusunga mwambo. Ncodabwitsa kuti mwambo umene umalemekeza mai monga tsinde la mbumba ndiwo unaitanidwa kucitira umboni anthu ocititsa amai manyazi pamsika.

Nthano ya fisi siyenera kutayidwa cifukwa ca cilema cace, pakuti mankhwala ace ali m'kati mwace momwemo. Wosimba akacedwa pang'ono pa khola la nkhuku, ana aona okha kuti wonyozeka cifukwa ca maso ndiye wanzeru. Akafika pa mathero, angafunse kalasi kuti namwaliyo dzina lace likanakhala yani, anali ndi luso lanji, ndipo anakaniranji anyamata a kwao. Mwina ena a iwo anali aulesi kapena ankhanza. Nthano siinena, ndipo kawirikawiri wosimba safunsa. Mayankho a atsikana alembedwe pa bolodi pamodzi ndi a anyamata, ndipo nthano isimbidwenso tsiku lina namwaliyo ali ndi dzina limene kalasi yampatsa.