Maliro a Mongezi pa cimbale: kodi anthu anamva ciani?

Mwezi uno tikambe za cimbale cimodzi ca nyimbo. Si ca kwathu kuno ku Lago, ndipo ambiri a inu simunacimvepo. Koma nkhani yake ikukhudza cinthu cimene aliyense amacidziwa, kuyambira ku Meluluca mpaka ku Cóbuè, ndico kucezera pa maliro.

Dzina la cimbaleco ndi Blue Notes for Mongezi. Oimba ake ndi amuna anayi a ku South Africa: Chris McGregor pa piyano, Dudu Pukwana pa saksofoni, Johnny Dyani pa besi, cija cigitala cacikulu coimika pansi, ndi Louis Moholo pa ng'oma. Poyamba gulu lao, la Blue Notes, linali la anthu asanu ndi mmodzi, mzungu mmodzi ndi akuda asanu, ndipo m'dziko la tsankho lija kuimbira pamodzi kotere kunali kuputa apolisi. Mu 1964 anaitanidwa ku cikondwerero ca jazi ku Antibes, ku France. Nikele Moyake yekha ndiye anabwerera kwao, nakamwalira posakhalitsa. Enawo anafika ku London mu 1965, nakhala othawa kwao.

Wamng'ono thupi pakati pao, woliza lipenga, anali Mongezi Feza. Iyeyu anamwalira ndi cibayo pa 14 Disembala 1975, ali ndi zaka 30 zokha. Pa 23 Disembala, atacoka ku mwambo wokumbukira mnzaoyo, anayi otsalawo analowa m'cipinda cina mu London, makina ojambula mau ali ciyatsire, nayamba kuimba osapangana ciliconse. Panalibe pepala, panalibe wonena kuti tiyambe ndi nyimbo yakuti. Kampani yaing'ono ya Ogun inatulutsa zimene anaimbazo mu 1976 pa mbale ziwiri, itadula zambiri. Mu 2008 inazitulutsa zonse zathunthu, pafupifupi maola awiri ndi theka.

Tsono anthu anacilandira bwanji? Coyamba tinene kuti eni maliro, anthu a kwao kwa malemuyo, ambiri sanacimve nkomwe pa nthawiyo, pakuti mbale za othawa kwao sizinali kupezeka m'masitolo a ku Joni. Amene anaweruza anali olemba za nyimbo a ku Ulaya, ndipo ndikawerenga zolemba zao ndimaona njira ziwiri.

Njira yoyamba ndi yoika cimbaleci m'thumba lochedwa free jazz, kuimba kopekera pomwepo kumene kunachuka ndi Ornette Coleman ndi anzake ku America m'zaka za m'ma 1960. Si bodza ai. Saksofoni ya Pukwana imang'ambika ngati nsalu, McGregor amamenya piyano ngati mvula ya matalala pa malata, ndipo nthawi zina palibe kugunda kumene munthu angatsate ndi phazi. Koma thumba limeneli ndi laling'ono. McGregor anakulira ku Transkei, kumene atate ake anali mphunzitsi pa sukulu ya mishoni ya Ascotland, ndipo makutu ake anakhuta nyimbo za m'chalichi ndi za Axhosa asanadziwe za America. Anzake anakulira m'makomboni momwe munali kulira kwela ndi marabi. Munthu amene sanagonepo pa siwa akamva Dyani akuitana dzina la malemuyo mobwerezabwereza, amati ndi luso latsopano. Ife tikamva timadziwa kuti ndi mmene amalirira mlongo wa womwalira akafika pakhomo kucokera kutali.

Njira yaciwiri ndi yaulemu, ndipo inamveka kwambiri pamene cimbaleci cinatulukanso mu 2008 ndi mu 2022. Olemba ambiri anaciyamika ngati cisoni ceniceni cogwidwa pa tepi, cinthu coti munthu angocimvera ali cete. Ine apa ndikukana pang'ono. Kunena kuti ndi misozi basi ndiko kuwalanda anthuwa nchito yao. Kodi pa maliro kwathu sitiweruza oimba? Timaweruza ndithu, kungoti timanong'onezana. Timadziwa mai amene akayambitsa nyimbo pakati pa usiku, tulo titagwira anthu, nyumba yonse imadzuka. Timadziwanso wina amene amayamba pamwamba kwambiri mpaka anzake kulephera kupolokozera. Onse awiri ali ndi cisoni, koma mmodzi amadziwa nchito. Anayi a Blue Notes anali odziwa nchito. Mvetserani mmene Moholo amasiyira mpata Dyani akayamba kuimba ndi pakamwa, ndi mmene amabwerera pang'onopang'ono kudzanyamula anzake akafooka. Zimenezi sizibwera ndi kulira kokha. Zimabwera ndi zaka zoposa khumi za kudziwana.

Ndinayesa cimbaleci pa anthu a kwathu. Tsiku lina madzulo ku Metangula, mwera utaletsa asodzi kupita pa nyanja, ndinaciika pa kawailesi tili pa khonde. Agogo ena amene anagwirapo nchito m'migodi ya ku Joni anapirira mphindi zowerengeka, kenaka anati, "Aphunzitsi, anthuwa akukangana kapena zida zao zaonongeka?" Tinaseka. Koma amai ena acikulire, amene sasowa pa maliro m'mudzi mwathu, anati, "Iai acimwene, khalani cete. Uyo akulira mbale wake." Ine ndinali ndisanawauze kanthu za Mongezi. Patapita nthawi kuimba kunasintha, kunatulukira kanyimbo kovinika, ka mtundu wa kwela uja amene Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anachuka naye ku Malawi, ndipo ndinaona phazi la agogo aja likugunda pansi lokha. Sanavomere kuti asintha maganizo, ndipo sindinawafunse.

Kusinthasintha kumeneku ndiko mtima wa cimbale conse, ndipo ndi kumene olemba a njira zonse ziwiri amakulumpha msanga. Kulira, kenaka nyimbo yonga ya m'chalichi, kenaka cinthu cosekeretsa, kenaka kuliranso. Mlendo amadabwa kuti anthu ofedwa akuimba zovinika. Koma usiku wa pa maliro ndi wautali, ndipo palibe amene angalire kuyambira madzulo mpaka tambala. Pamakhala adzukulu oseka, pamakhala tiyi, pamakhala nthawi imene onse angoti zii.

Zofooka zilipo, tisabise. M'cimbale cathunthu ca 2008 muli malo amene oimba akufunafuna njira osaipeza, ndipo womvera amatopa nawo limodzi. Amene anadula tepi mu 1976 sanali wopusa. Anapatsa anthu cinthu coti angathe kucimaliza. Komabe ine ndimasankha cacitali. Cacifupi cili ngati kufika pa maliro m'mawa, kupepesa, kutsagana nawo ku manda ndi kubwerera. Cacitali ndi ca amene anagona pomwepo. Ndipo m'maola onsewo muli cinthu cimodzi cimene khutu limangodikira osacimva: lipenga. Pamene panayenera kulowa Mongezi, palibe amene akulowa.

Mu 1987 otsala atatu anajambulanso cimbale ca maliro, Blue Notes for Johnny, pakuti Dyani anamwalira ku Berlin mu 1986. McGregor ndi Pukwana anatsatana mu 1990, wina mu Meyi, wina mu Juni, osaona cisankho ca 1994. Pamene boma la South Africa linapatsa gululi ulemu wa Order of Ikhamanga mu 2007, wamoyo anali Moholo yekha, amene anali atabwerera ku Cape Town mu 2005. Nayenso anatisiya mu Juni 2025.

Amene mukapeza mwai wopita ku Lichinga kapena pena pamene intaneti ikugwira bwino, citengeni conse, osati zidutswa. Ndipo musacimvere pa kasipika ka foni, cifukwa besi ya Dyani imasowa, mumangomva saksofoni yokha ikukuwa. Bwerekani sipika yaikulu, mudikire ana agone.