Ichi chakoma, ichi chakoma: nkhomaliro ya noodles ku Marshalltown

Nthawi ya nkhomaliro ku Marshalltown, pakati pa mzinda wa Johannesburg, anthu amayenda ngati akuthamangira basi. Ali ndi ola limodzi, ndipo gawo lina la olalo limathera mu lifiti ndi pamzere. Malo odyera amene ndikufuna kukamba ali chapafupi ndi Gandhi Square, ndipo anawatsegulira anthu oterewa. Amagulitsa noodles, chakudya chonga zingwe chija, chapachibale ndi supageti. Koma sakuuza chimene udye. Amakupatsa kapepala ndi cholembera kuti udzipangire wekha mbale yako. Ndadyako katatu. Dzina la malowa sinditchula, chifukwa chimene chikundivuta si cha iwo okha. Malo otere alipo ambiri mu Joni muno.

Kapepalako kali ndi magawo anayi. Poyamba umasankha noodles: za ufa wa tirigu zosakaniza ndi mazira, za ufa wa mpunga zopyapyala, kapena udon, zonenepa ngati chingwe choyanikira zovala. Kenako nyama: nkhuku, ng'ombe, prawns, kapena tofu, amene amapangidwa kuchokera ku soya. Gawo lachitatu ndi la masamba, ndipo apa m'pamene dyera limayambira. Pali kabichi, karoti, bowa, anyezi, tsabola wobiriwira, mphukira za nyemba, chinanazi, ndi masamba otchedwa bok choy, amene Mmalawi aliyense atawaona anganene kuti ndi mng'ono wake wa chainizi wa kudimba. Pomaliza umasankha sosi. Ukachonga zonse umapereka pakauntala n'kulipira, ndipo kuseri kwa galasi mnyamata amazithira m'chiwaya chakuya chotchedwa wok, moto n'kulilima. Pasanathe mphindi zisanu nambala yako yaitanidwa.

Tsiku loyamba ndinachita za pusi wa m'mwambi uja. Ndinachonga udon, ng'ombe, bowa, karoti, tsabola ndi chinanazi. Nditaona sosi wa mtedza ndinakumbuka nsinjiro, ndipo ndinamuchonga. Pansi pake panali teriyaki, dzina limene ndinkangolimva, nayenso ndinamuchonga. Zimene zinabwera m'kabokosi ka pepala zinali zotsekemera ngati phala la mwana. Chinanazi chinatulutsa madzi, mtedza unamatirira pa udon, bowa anasowa osadziwika kumene analowera. Ndinadya theka, zotsalazo ndinataya, pamene ndalama imene ndinalipira ikanatsala pang'ono kugula thumba la ufa la makilogalamu 10.

Ndikutuluka ndinafuna munthu womukwiyira, koma sindinamupeze. Wophika anaphika zimene ndinalemba. Wapakauntala analandira zimene ndinapereka. Pakapepala panali dzanja langa. Apa m'pamene pagona nkhani yanga ndi malo oterewa: amakupatsa ufulu wosankha, koma pamodzi ndi ufuluwo amakusenzetsa mlandu umene kale unali wa wophika.

Wina anena kuti kwathunso timasankha. N'zoona. Pa chiimilire cha mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe amakufunsa kuti nsima yako idyedwe ndi chiyani: nyemba, usipa, nkhwani wotendera, thelere, nkhuku ya lokolo. Koma uko umasankha pakati pa miphika imene yapsa kale. Mayi wophika uja anaganiza kalekale kuti thelere lifuna soda ndi matimati ndipo silifuna mafuta, kuti nsinjiro zilowe masamba atafewa. Mchere ukapitirira umatha kunena kuti, "Mayi, lero mwaonjeza," iwo n'kupepesa, podziwa kuti mawa ukhoza kukadya kwa mnzawo. Kusankha ndiwo ndi kwina, kusankha zolowa mumphika ndi kwinanso. Kwachiwiriku ndi ntchito ya wophika, ndipo pamatenga zaka kuti munthu aidziwe.

Chachiwiri chimene chimandivuta ndi liwu limene lili pachikwangwani, lakuti Asia. Udon ndi teriyaki n'za ku Japan. Sosi wa mtedza uja ndi wa satay, nyama yootcha patimitengo ya ku Indonesia ndi Malaysia. Sosi wobiriwira wa curry ndi wa ku Thailand. Wok ndi wa ku China. Anthu amenewa amasiyana zilankhulo, zipembedzo ndi kaphikidwe, koma pano aunjikidwa pakapepala kochepa ngati chikhatho. Ife Aafrika tikuyenera kukhala oyamba kuona vuto lake, pakuti zoterezi zimatichitikira tsiku ndi tsiku. Tayerekezani malo odyera ku Tokyo olembedwa kuti chakudya cha ku Africa. Gawo loyamba: nsima, injera ya ku Ethiopia, kapena couscous ya ku Morocco. Gawo lachiwiri: usipa, egusi ya ku Nigeria, chakalaka. Munthu wachonga couscous, thelere ndi chakalaka, wadya masupuni atatu, n'kupita kwawo kukauza anzake kuti chakudya cha Aafrika n'chosakoma. Izi n'zimene ine ndinachitira Ajapani ndi anthu a ku Indonesia tsiku loyamba lija.

Kadyedwe kameneka sikanachokere m'khitchini ya agogo a munthu aliyense. Kanatchuka ndi chimene chimatchedwa Mongolian barbecue, chimene sichinachokere ku Mongolia n'komwe. Anachiyambitsa mu 1951 ku Taipei, pachilumba cha Taiwan, ndi Wu Zhaonan, katswiri wa nthabwala amene anathawa ku Beijing. Kuyambira pachiyambi inali nzeru ya malonda, ndipo dzina lake linali lobwereka. Palibe choipa ndi nzeru ya malonda. Chipisi cha pachiwaya kwathu nachonso chinayamba choncho. Kungoti wodya adziwe kuti akudya chakudya cha m'tauni chopangira anthu ofulumira, osati chimene banja la ku Osaka kapena ku Bangkok limadya madzulo.

Ulendo wachiwiri ndinapita mwamantha. Ndinachonga noodles za mazira, nkhuku, kabichi, karoti ndi sosi wa soya basi. Apa m'pamene ndinaona zabwino za malowa, ndipo ndiyenera kuzinena. Chakudya chimaphikidwa ukuona, chimakupeza chili chamoto, osati chimene chakhala m'beseni kuyambira m'mawa. Masamba amatuluka ali obiriwira, akulira pakamwa potafuna. Ife masamba timawaphika mpaka atasintha mtundu, ndipo pamenepa tili ndi chophunzira. Komanso kapepala kaja kamathandiza anthu amene malo ena odyera amawaiwala. Mayi amene anali patsogolo panga sadya nyama, bambo wina anapempha kuti asamuthirire sosi wotsekemera chifukwa cha matenda a shuga, ndipo onse anadya popanda kufotokoza mbiri ya moyo wawo. Kwa munthu wotere ufulu wosankha si masewera.

Komabe mbale yachiwiriyi inali yonyowa. Inali 1 koloko, mzere utafika pakhomo, ndipo chiwaya chinkachoka pampopi n'kulandira zinthu chisanatenthe. Anthu olankhula Chikantoni, a kumwera kwa China, ali ndi mawu akuti wok hei, kutanthauza mpweya wa chiwaya. Ndi kafungo ka utsi kamene chakudya chimatenga mafuta akakhudza chitsulo chotentha kwambiri. Aliyense amene anadyapo chimanga chootcha pamakala n'kudyanso chophika amadziwa kusiyana kumeneku. M'mbale yanga mpweyawo munalibe. Ndinakhuta, koma pofika madzulo ndinali nditaiwala chimene ndinadya.

Ulendo wachitatu ndinachedwa, ndinafika cha m'ma 2:30 anthu atatha. Ndili pakauntala mlongo wanga anaimba foni, ndipo tinalankhula Chichewa. Nditadula, mnyamata wa pachiwaya anasuzumira pambali pa galasi.

"Achimwene, kwanu n'kuti?"

"Ku Ntcheu. Nanga inu?"

"Ku Mangochi. Ndinakuonani tsiku lija ndi chinanazi chanu."

Tinaseka mpaka wapakauntala anatiyang'ana. Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiletse.

"Sitiloledwa, achimwene. Kasitomala akalemba, walemba. Ife n'kungophika."

Ndinawapatsa kapepala kosalemba n'kuwapempha kuti tsikulo andisankhire. Anachonga noodles za mazira, ng'ombe, bok choy, anyezi ndi mphukira za nyemba. Sosi wa soya yekha, adyo, jinja, ndi tsabola pang'ono.

"Masamba atatu basi," iwo anatero. "Chiwaya chikadzaza chimazizira. Zinthu zimayamba kuwira m'malo mokazingika."

Anadikira mpaka chitsulo chitayamba kufuka. Nyama inalowa yokha, inapsa m'mbali, anaichotsa. Kenako adyo ndi jinja, kenako masamba, kenako noodles, nyama n'kubwerera. Sosi sanathire pamwamba pa chakudya koma m'mphepete mwa chiwaya, kuti ayambe wapsa asanafike pansi. Mbale imeneyo inali ina. Noodles sizinamatane, chilichonse chinkamveka pachokha, ndipo kafungo ka utsi kaja kanalimo. Zipangizo zinali zomwe zija, moto womwe uja, mtengo womwe uja. Chinasintha n'chakuti wodziwa anapatsidwa mpata woganiza. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditalidya kawiri.

Anandiuza kuti anaphunzirira ku Cyrildene, kum'mawa kwa mzindawu, kumene msewu wa Derrick Avenue uli ndi malo odyera ndi mashopu a anthu a ku China kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Anayamba ndi kutsuka mbale. Mkulu wophika kumeneko sankadziwa Chingerezi, iwonso panthawiyo chinkawavuta, ndiye ankaphunzitsana ndi manja. Akathira mafuta msanga ankagogodedwa ndi chipande pamkono.

Kukumana kwa Amalawi ndi anthu a ku China mumzinda uno si kwa lero. Kuyambira mu 1904 eni migodi ya golide anabweretsa amuna oposa 60,000 kuchokera ku China kudzagwira ntchito pansi pa nthaka, ndipo pofika 1910 anali atawabweza kwawo. M'zaka zomwezo Wenela anayamba kutenga amuna ku Nyasaland kupita ku migodi yomweyo. Ukachoka pa Gandhi Square n'kutsata Commissioner Street kulowera kumadzulo, umafika ku Ferreirasdorp, kumene kuli Chinatown yoyamba ya Johannesburg, pafupi ndi polisi imene kale inkatchedwa John Vorster Square. Anaiyambitsa ndi amalonda olankhula Chikantoni, ndipo pano yatsala mashopu ndi malo odyera owerengeka. Ubale wa lero suli wokoma ponseponse. Mu November 2019 apolisi anapeza Amalawi 91, ena mwa iwo ana, atatsekeredwa m'fakitale ina ku Village Deep, ndipo mu 2025 khoti linalamula nzika zisanu ndi ziwiri za ku China kukhala m'ndende zaka 20 aliyense. Mnyamata wa pachiwaya uja sali mu ukapolo wotero, ndipo za mphunzitsi wake amakamba mwaulemu. Koma nayenso ndi mmodzi wa Amalawi ambirimbiri amene manja awo ali kuseri kwa mashopu, minda ya maluwa ndi makhitchini a Joni, amene luso lawo limagwiritsidwa ntchito koma maganizo awo safunsidwa. Kapepala kaja kamamusandutsa makina otembenuza chiwaya, pamene iye ndiye yekhayo m'nyumba monsemo amene amadziwa kuti chinanazi ndi mtedza sizigona nyumba imodzi.

Kodi mupiteko? Pitani, ngati muli m'tauni ndipo nthawi ndi yochepa. Chakudya chake n'chatsopano ndipo n'chopepuka kuposa chipisi ndi soseji. Koma pitani mzere utatha. Sankhani masamba osaposa atatu ndi sosi mmodzi. Zotsekemera zisiyeni. Koposa zonse, funsani amene ali pamoto, ngakhale pamafunika kusuzumira pambali pa galasi. Amene akufuna kudziwa noodles monga eni ake amazidyera akwere takisi apite ku Cyrildene, kumene mbale iliyonse ili ndi dzina ndi kwawo, ndipo wophika ndiye amalamula.

Kwa eni malowa pempho langa ndi laling'ono. Kapepalako kakhale, pakuti kali ndi anthu ake. Koma pamwamba pake lembanipo mbale zitatu kapena zinayi zimene wophika wanu wazikonza yekha ndipo angaziyankhire. Muloleni kunena kuti ayi, izi sizigwirizana. Munthu amene mumamulipira kuti aime pamoto tsiku lonse amadziwa zambiri kuposa kalaliki wanjala amene wagwira cholembera.

Ndisanachoke ndinawafunsa achimwene aja ngati iwo amadya noodles akaweruka. Anapukusa mutu.

"Usiku ndi nsima, achimwene. Izi sizigoneka munthu. Koma chainizi ndimaphika monga muno. Moto wambiri, adyo, mphindi ziwiri, basi."

Madzulo amenewo ndinagula mpukutu wa chainizi kwa amayi ogulitsa pafupi ndi siteji ya matakisi. Ndinatenthetsa poto mpaka kufuka, ndinathira mafuta ndi adyo, masamba n'kulowa. Ndinawerenga mphindi ziwiri, dzanja likufunitsitsa kuthira madzi ndi matimati monga ndinazolowera, koma ndinaligwira. Nsima inatha, ndiwo zitatha kale.