Masewero Aafupi Oyenera Bwalo: Mphunzitsi wa ku Dedza Asankhe Ati?

Chaka ndi chaka, nyengo ya mipikisano ya zisudzo ikayandikira, aphunzitsi a m'sukulu za sekondale amavutika kupeza sewero loti aonetse, ndipo apa ndi pamene kuchepa kwa mabuku a masewero a m'Chichewa kumaonekera poyera. Mphunzitsi wa ku Umbwi, ku Mtendere kapena ku Mayani m'boma la Dedza akafuna nthano kapena ndakatulo, sasowa potola. Koma akafuna sewero lalifupi la m'Chichewa, lolembedwa mwaluso, loti lithe ola lisanakwane, kawirikawiri amayatsa nyali usiku n'kulilemba yekha. Zotsatira zake timaziona pabwalo: masewero ofanana ngati mapasa, okamba za mtsikana wotenga pathupi ali pasukulu, za bambo woledzera, ndi za mfumu yobwera pomaliza kudzanena phunziro lomwe oonerera analidziwa kale sewerolo lisanayambe.

Umphawi umenewu unayamba kalekale. Mpikisano wa zisudzo wa bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM unayamba m'chaka cha 1969, ndipo cholinga chake chinali kunola ana pa Chingerezi. Choncho masewero aafupi amene anakula nawo anali a m'Chingerezi. Buku la Nine Malawian Plays, lomwe James Gibbs anasonkhanitsa m'chaka cha 1976, muli masewero a James Ng'ombe, Innocent Banda, Chris Kamlongera, Joe Mosiwa ndi ena, onse m'Chingerezi. Nayenso Du Chisiza Jr, amene anadziwika ali mwana wasukulu ku HHI ndi sewero la The Deceased's Attack, ndipo anakhazikitsa gulu la Wakhumbata m'chaka cha 1987, analemba ambiri mwa masewero ake m'chiyankhulo chomwecho. Chichewa chinapeza malo kwina: pa wailesi ya MBC m'mapologalamu a Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino, ndiponso pansanja m'manja mwa magulu monga Kwathu. Kumeneku luso linalipo lochuluka, koma linali m'kamwa ndi m'mutu mwa ochita seweroli, ndipo ambiri mwa masewerowo sanasindikizidwe. John Nyanga anamwalira m'chaka cha 2016, Eric Mabedi m'chaka cha 2021. Mwana wa fomu 3 ku Linthipe amene angafune kuphunzira m'mene Izeki ndi Jakobo ankalukira mawu angathe kuonera zojambulidwa, koma alibe pepala loti aike patebulo ndi kuona pamene mfundo inamangidwira.

Tsono muyeso wanga ndi uwu: sewero loyenera chikondwerero cha zisudzo ndi limene gulu lina, losadziwana ndi mlembi, lingalitole papepala n'kuliimika pabwalo, ilo n'kukhalabe lamoyo. Likhale la anthu ochepa ndi katundu wochepa, pakuti maholo ambiri a sukulu zakumudzi alibe magetsi osinthasintha kapena makatani. Ndipo mkangano wake ukhale woti munthu wanzeru angaime mbali iliyonse mwa ziwirizo.

Mwa athu akale, loyamba kulitchula ndi The Lizard's Tail la Enoch Timpunza Mvula, lomwe lili m'buku la Gibbs lija. Gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College litayamba kuonetsa masewero m'Chichewa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, seweroli linasanduka Mchira wa Buluzi. Taonani zomwe mutu wokhawu ukuchita. M'Chingerezi ndi chiwalo cha kanyama basi. M'Chichewa, mayi aliyense ndi bambo aliyense amayamba kumwetulira mawuwa akangotchulidwa, podziwa za mankhwala amene amati amafewetsa mwamuna pabanja. Sewero limene mutu wake wagwira kale theka la ntchito lisanayambe ndi umboni wakuti ena mwa masewero athu a m'Chingerezi anali a Chichewa chovala jekete. Steve Chimombo anatisiyira Wachiona Ndani? la m'chaka cha 1983, limodzi mwa masewero ochepa a m'Chichewa amene anafika m'buku, ndipo aphunzitsi ayenera kulifunafuna. Koma The Rainmaker lake, losindikizidwa m'chaka cha 1978, ngakhale nkhani yake ya M'bona imayambira ku Msinja, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama omwe anthu a ku Dedza amawadziwa, n'lalitali ndipo limafuna khamu. Silikwana m'mphindi zochepa za mpikisano, ndipo kulidula ndi kulipha.

Popeza nkhokwe yathu njochepa, palibe manyazi kubwereka kwa anansi ndi kumasulira. Limene ndikuliika patsogolo ndi Sizwe Banzi Is Dead, lomwe Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona anapanga pamodzi ndi kulionetsa koyamba ku Cape Town m'chaka cha 1972. Ampangankhani ndi atatu koma ochita ndi awiri, ndipo katundu wake ndi tebulo, mpando ndi kamera. Sizwe wachoka kwawo ku King William's Town kudzafuna ntchito ku Port Elizabeth, mzinda umene lero ukutchedwa Gqeberha. Akuluakulu amudindira m'chitupa kuti abwerere kwawo pasanathe masiku atatu. Usiku wina iye ndi Buntu, amene akumusunga, apeza mtembo wa munthu wotchedwa Robert Zwelinzima, ndipo m'thumba mwake muli chitupa chololeza kufuna ntchito. Buntu akuti asinthe zithunzi. Sizwe akapeza ntchito ndi kudyetsa mkazi ndi ana, koma dzina lake lifa, ndipo iye adzayenda ndi dzina la wakufa.

Kodi nkhani imeneyi njachilendo ku Dedza? M'zaka zomwe seweroli linkabadwa, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, kufikira boma litaimitsa ulendo wa Wenela m'chaka cha 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown. Mawu akuti mtchona tili nawo chifukwa cha maulendo otere. Ndipo chipata cha Dedza chakhala njira ya mabasi opita ku Joni kudzera ku Tete, odzaza anyamata amene moyo wawo wonse wapachikika pa chidindo cha m'pasipoti. Oonerera a pa Dedza sadzafuna womasulira kuti amve chimene chikumuwawa Sizwe. Chokoma n'chakuti seweroli siligamula mlandu. Buntu akunena zoona kuti ana sadya dzina. Sizwe nayenso akunena zoona kuti munthu wopanda dzina ndi mfunda wake ndi mzukwa. Oonerera amatuluka akukangana.

Womasulira adzakumana ndi mfundo ziwiri. Yoyamba ndi dzina la kabuku kankhanza kaja. Chiphaso ndi mawu aulemu, a m'maofesi, oyenera satifiketi ya mayeso. Chitupa ndiye mawu amene agogo athu anabwera nawo kuchokera ku Halale ndi ku Joni, ndipo amanunkha thukuta ndi mantha. Ndi omwewo oyenera. Mfundo yachiwiri njakuti Chingerezi chili ndi mawu amodzi oitanira munthu, pamene ife tiyenera kusankha pakati pa iwe ndi inu. Buntu akamulandira Sizwe ngati mlendo adzati inu, mwinanso achimwene. Koma pamene aimirira pambali pa mtembo, ataledzera, Buntu akumukalipira, pamenepo iwe ayenera kutuluka. M'kalata yopita kwa mkazi wake Nowetu, Sizwe abwerere kwa inu, monga alembera mwamuna waulemu kwa amake ana. Apa Chichewa chipatsa seweroli chinthu chimene Chingerezi sichikanatha. Chilema chake n'chimodzi: mawu otsegulira a Styles, wojambula zithunzi, onena za masiku ake ku fakitale ya Ford, ndi aatali kwambiri, ndipo pampikisano ayenera kufupikitsidwa.

Mnzake wa seweroli ndi The Island, la anthu atatu omwewo, la m'chaka cha 1973. Akaidi awiri a pa Robben Island akukonzekera kuonetsa mlandu wa Antigone, mtsikana amene anaika m'manda mlongo wake mfumu italetsa. Kwa Mchewa, amene amadziwa kuti maliro sakanizidwa, mlandu wa Antigone sufuna kufotokozera. Dziko limene linali ndi Mikuyu, kumene Jack Mapanje anasungidwa kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, lili ndi chifukwa chake choonera seweroli. Komabe sindilipereka kwa ana asukulu mosaganiza. Limayamba ndi nthawi yaitali yopanda mawu, amuna awiri akukumba mchenga, wina kudzaza dzenje la mnzake, ndipo ochita osakhwima amasandutsa zimenezi nthabwala. Liyenera magulu a akuluakulu.

La ana asukulu ndi The Trials of Brother Jero la Wole Soyinka, lomwe linaonetsedwa koyamba ku Ibadan m'chaka cha 1960. Zaka zapitapo zambiri, koma likuoneka ngati lalembedwa dzulo. Jero ndi mneneri wa m'mphepete mwa nyanja ku Lagos amene amaona omutsatira ngati ogula malonda, ndipo amasamala kuti asakhutire, poopa kuti akakhutira sabweranso. Wophunzira wake Chume, mesenjala wa mu ofesi ya boma, wakhala akupempha chilolezo chomenya mkazi wake, ndipo Jero amakana, kufikira tsiku limene azindikira kuti mkaziyo ndi Amope, wamalonda amene akumulonda pakhomo chifukwa cha ngongole ya mkanjo. Pamenepo chifuniro cha kumwamba chisintha mwadzidzidzi. Wotsogolera sewero asamale pano. Chosekedwa ndi chinyengo cha mneneri, osati kumenyedwa kwa mayi, ndipo Amope akaseweredwa ngati mkazi wolongolola chabe, holo idzaombera m'manja chinthu cholakwika.

Vuto lalikulu la Jero ndi kamwa la Chume. Iye akatenthedwa mtima amasiya Chingerezi cha kusukulu n'kugwera m'Chingerezi cha m'misika ya ku Nigeria. Kodi tidzamuyankhulitsa bwanji m'Chichewa? Njira yachidule, imene zisudzo zathu zaizolowera, ndi kumupatsa Chichewa chopotoka ngati cha Myao kapena Msena kuti anthu aseke. Njira imeneyi ndikuikana. M'holo ya ku Dedza mumakhala ana a Achewa a kwa Kaphuka, Angoni a kwa Kachindamoto ndi Ayao a kwa Tambala pabenchi limodzi, ndipo sewero lisaphunzitse wina kuti lilime la amake ndi choseketsa. Komanso Soyinka sanali kuseka mtundu wa Chume. Anali kuonetsa munthu amene chinenero chake chaulemu chamuthawa. Chofanana nacho kwathu ndi Chichewa cha m'tauni chosakaniza ndi Chingerezi, chothamanga, chonga chimene timamva pamapemphero a usiku wonse. Chume ayambe ndi Chichewa chodekha cha mesenjala wofuna kukwezedwa, kenaka chimasuke pang'onopang'ono.

Apa ndi pamene akonzi a mabuku akukhudzidwa. Sewero lili ndi zilembedwe ziwiri pa tsamba limodzi. Malangizo a kwa ochita, onena za polowera, pokhala ndi zovala, atsate malamulo a kalembedwe ka Chichewa mosaphonya. Koma zoyankhula za ampangankhani zitsate kamwa. Mkonzi akapeza mayi wokwiya akuti "N'chiyaninso chimenechi?" asakonze kuti "Kodi ichi ndi chiyaninso?" poganiza kuti akuthandiza. Nkhodolero ilipo kuti ionetse pamene chilembo chamezedwa, ndipo wochita sewero amaiwerenga ngati woimba awerengera manotsi. Chofunika n'chakuti mpangankhani mmodzi alembedwe mofanana kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Ndionjezepo za mawu awiri amene timawasokoneza. M'kamwa mwa anthu ambiri chisudzo chimapendekera ku zoseketsa, pamene sewero limanyamula zonse, zoseketsa ndi zoliza zomwe. Tikalengeza The Island ngati chisudzo, anthu adzabwera atakonzeka kuseka.

Ena adzafunsa kuti bwanji osatenga Gule Wamkulu, pokhala kuti Dedza ndi kwawo kwa gule, ndipo ku Mua kuli malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa m'chaka cha 1976, osunga zigoba mazanamazana. Gule ali ndi eni ake, ndipo kuveka mwana wasukulu chigoba kuti akometsere mpikisano ndi kuputa mkwiyo wa kudambwe popanda phindu. Chimene mlembi angaphunzire kwa gule ndi kamangidwe kake. Chadzunda, Maliya kapena Simoni amalowa m'bwalo ndi khalidwe limodzi looneka bwino, amachita zake nthawi yochepa, n'kutuluka fumbi lisanakhazikike. Palibe amene amaimirira pambuyo pake kufotokoza tanthauzo.

Zotsala ndi ntchito za manja. Masewero atatu akunja ndatchulawa ali ndi eni, ndipo kumasulira kapena kufupikitsa kumafuna chilolezo. Bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1992, ndi poyambira kufunsa njira yake. Kale, pansi pa lamulo la 1968 lounika zosangalatsa, gulu linkayenera kupereka sewero lolembedwa kwa akuluakulu aboma lisanaonetsedwe, ndipo pepala linali chinthu choopsa kwa mlembi. Okonza mipikisano lero angapemphe pepala lomwelo pa chifukwa chabwino: gulu lililonse lofika kumapeto lisiye sewero lake lotayipidwa, ndipo atatu kapena anayi opambana asindikizidwe pamodzi ndi Mchira wa Buluzi ndi limodzi lomasuliridwa. Kabuku kotere sikangapose masamba 100, ndipo mphunzitsi wa ku Bembeke angakanyamule m'thumba la jekete m'chisanu cha Julayi.