Mkondo ndi Nthungo: Ndemanga pa Kamasuliridwe ka Mawu Akuti Spear

M'masukulu a m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, kumene Chinyanja ndicho chilankhulo cha kwathu chophunzitsidwa m'kalasi, mphunzitsi akafika pa mawu a Chingerezi akuti spear amafulumira kulemba mkondo pabolodi. Yankholi silolakwika, koma ndi loperewera. Vuto limabuka pamene mwana amene walemba nthungo apatsidwa cholakwa, ngati kuti mawu amodzi a Chingerezi ayenera kukhala ndi mnzake mmodzi yekha m'Chichewa.

Tiyambe ndi kapangidwe ka mawu awiriwa. Nthungo ndi dzina lochokera ku mneni kutunga, umene timaumva ponena za ng'ombe yotunga ndi nyanga kapena za mayi wotunga mikanda. Mphatikiram'mbuyo n- akakumana ndi t amabala nth, choncho dzinali limatchula chidacho potsata ntchito yake yoboola. Lamulo lomweli limasandutsa k kukhala kh, ndipo likutionetsa kuti mkondo ndi nkhondo ndi mawu a tsinde limodzi, -kondo, oikidwa m'magulu osiyana a mayina. Motero mkondo umakumbutsa bwalo la nkhondo, pamene nthungo imakumbutsa bala.

Ena angaganize kuti mkondo ndi mawu obwera ndi Angoni, amene anaoloka Zambezi mu 1835, chifukwa amafanana ndi umkhonto wa Chizulu. Kufanana kwa kamvekedwe kokha si umboni wokwanira. Ubale wa mkondo ndi nkhondo ukusonyeza kuti tsindeli linazika mizu m'chilankhulo chathu chomwe.

Omasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922, anasunga mawu onse awiri. Pa 1 Samueli 17:45 zida za Goliati zikutchulidwa ndi mayina onsewa m'chiganizo chimodzi, ndipo pa Yohane 19:34 chida cha msilikali chikutchedwa nthungo. Mwana wa ku Katete amene anakulira m'tchalitchi sanalakwe polemba mawu amene wakhala akuwamva kuyambira ali wamng'ono.

Kusiyana kwina kuli pa mneni. Chingerezi chimagwiritsa spear ngati dzina komanso ngati mneni, koma Chichewa chimasankha pakati pa kulasa, kubaya ndi kugwaza. Wofotokoza za ng'ombe imene imaphedwa ndi mkondo pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni ayenera kusankha mmodzi mwa aneni amenewa, ndipo dikishonale yopereka dzina lokha siimuthandiza. Chimodzimodzi spearhead, ponena za munthu, ndi kutsogolera chabe; womasulira wolemba za mutu wa mkondo amasokeretsa owerenga.

Tikupempha olemba mabuku a sukulu ndi okonza mayeso kuti pansi pa spear aziika mkondo ndi nthungo pamodzi, ndi chitsanzo cha chiganizo pa mawu alionse, kuti mphunzitsi akhale ndi poyambira pochonga.