Asodzi a snoek a ku Kalk Bay

Aliyense amene anadyapo nsomba ya snoek ku Cape Town ayenera kuthokoza asodzi a ku Kalk Bay ndi ku Hout Bay. Anthuwa amanyamuka mbandakucha pa mabwato aang'ono a injini, makamaka m'nyengo yachisanu pamene nyanja yamchere imalusa, kukasaka nsomba yokonda madzi ozizira oyenda m'nyanjamo otchedwa Benguela. Ukonde alibe nawo ntchito. Zida zawo ndi chingwe cha m'manja ndi mbedza basi.

Luso lagona pokoka. Nsombayi ndi yaitali, ina imapitirira mita imodzi, ndipo mano ake ndi akuthwa ngati lumo. Msodzi akangoikweza m'bwato amaipanira m'khwapa n'kuithyola khosi isanamulume. Akazengereza, chala chapita. Chingwe nachonso chimacheka, n'chifukwa chake ambiri amavala zotetezera zala. Gulu la nsomba likafika pansi pa bwato, palibenso wocheza.

Padoko la Kalk Bay, lomwe anayamba kulimanga mu 1913, amayi amaitumbula mwaluso, kuitambasula n'kuithira mchere kuti isafewe. Ambiri amaiwotcha pamakala ataipaka batala ndi jamu wa apurikoti. Kwa ife ozolowera chambo, zotsekemera pa nsomba n'zachilendo, koma mukalawa mudzanyambita zala. Yotsala amaikazinga ndi anyezi, mbatatesi ndi tsabola, n'kukhala chakudya chotchedwa smoorsnoek.

Inu abale okhala ku Cape Town, mukapita kudoko kukagula ndiwo, musamanenerere mtengo mopyola muyeso.