Pepala Siliimba

Ambiri a ife tinamvapo chimbale chotchedwa Chant, cha amonke a ku Santo Domingo de Silos m'dziko la Spain, chimene chinatuluka mu 1994 ndi kugulidwa ndi anthu mamiliyoni angapo. Mawu ake ndi osalala, oyenda mwakachetechete ngati madzi a padziŵe. Chimbalecho sitikuchinyoza, pakuti amonkewo ankapemphera moona. Chimene chikutidetsa nkhaŵa ndi chakuti ophunzira ambiri amachitenga ngati liwu lenileni la Eklezia wa zaka chikwi zapitazo, nayamba kutsanzira kusalalako asanadziŵe ngakhale tanthauzo la mawu amene akuimba.

Tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono. M'nyumba za amonke za ku Ulaya, mwana ankaphunzira nyimbo za Gregorio ndi khutu, akutsatira pakamwa pa mphunzitsi wake chaka ndi chaka, monga momwe ife tinaphunzirira nyimbo za pamtondo. Zizindikiro zoyamba, za m'zaka za m'ma 800, zinali timizere tokhota tolembedwa pamwamba pa mawu, tongokumbutsa munthu nyimbo imene ankaidziŵa kale. Mlendo sakanatha kuiimba pongoyang'ana pepalalo. Cha m'ma 1025 mmonke Guido wa ku Arezzo anakhazika zizindikirozo pa mizere, natchula mawu oimbira kuti ut, re, mi, fa, sol, la, potenga maphatikizo oyamba a nyimbo yotamanda Yohane Mbatizi. Iye mwini anadzitama kuti ntchito ya zaka khumi yasanduka ya chaka chimodzi kapena ziŵiri, ndipo Papa Yohane XIX anamuitanira ku Roma kuti akaone yekha. Solofa imene makwaya athu amaŵerenga ndi chidzukulu cha nzeru imeneyi, yodzera mwa Sarah Glover ndi John Curwen a ku Mangalande.

Koma mizere ya Guido inapindula china nitaya china. Imatiuza kukwera ndi kutsika kwa liwu. Siitiuza kutalika kwake, kapena pamene woimba ankafulumira ndi pamene ankazengereza. Amonke a ku Solesmes ku France, amene anatsegulanso nyumba yawo mu 1833 ndi kufufuza mabuku akale mwakhama losaneneka, nawonso sanamvane pa mfundo iyi. Dom Pothier ankati mawu a pemphero ndiwo atsogolere nyimbo. Dom Mocquereau anagaŵa mawu oimbira m'timagulu ta aŵiriaŵiri ndi atatuatatu, ndipo njira yakeyo ndiyo inafala m'maseminale padziko lonse. Kusalala kumene timakuyesa kwakale kwambiri kuli ndi zaka zongopitirira zana limodzi. (Ndipo Kredo wachitatu, amene agogo athu ankamuimba pamtima, ndi wa m'zaka za m'ma 1600 chabe.)

Pa nyimbo zakudziko vutoli ndi lalikulu koposa. Alakatuli a kumwera kwa France otchedwa troubadours, monga Bernart de Ventadorn, anatisiyira ndakatulo pafupifupi 2,500, zambiri za chikondi, koma maimbidwe anatsala a gawo limodzi lokha mwa magawo khumi. Maimbidwe olembedwawo satchula choimbira chilichonse. Tsono tikamva ng'oma, zitoliro ndi azeze pa zimbale za masiku ano, tidziŵe kuti oimbawo aganizira okha. Kuganizira si tchimo. Kulakwa ndi kusauza womvera kuti taganizira.

Ife tikuima ndi Dom Pothier, ngakhale tikudziŵa kuti akatswiri ena angatitsutse. Msonkhano Waukulu wa Vatikano Wachiŵiri unanena mu 1963 kuti nyimbo za Gregorio zikhale pamalo oyamba m'mapemphero a Eklezia wa Chiroma, ndipo msonkhano womwewo unafuna kuti akhristu atengeko mbali akumvetsa zimene akuchita. Kwaya yoimba Chilatini chimene siikuchimva yakwaniritsa theka lokha. Wophunzitsa ayambe waŵerenga mawuwo mofuula, awamasulire m'Chicheŵa, aonetse liwu limene pempherolo latsamirapo ndi pamene munthu ayenera kupuma. Kenaka aimbe mzere umodzi yekha, ophunzira abwereze, mapepala ali chivundikire pabenchi. Pepala alitsegule pa sabata yachiŵiri, ndipo chimbale cha ku Silos achimvere pamodzi pa sabata yachitatu, kuti aone pamene akugwirizana ndi amonkewo ndi pamene akusiyana nawo.